A Tipitirire ndi Phunziro la Kudikira

Pa koleji ina yophunzitsa aphunzitsi panali bambo wina amene dzina lake lenileni linatsala m'mapepala a mu ofesi mokha. Aliyense, kuyambira ophunzira mpaka alonda a pageti, ankawatchula kuti a Tipitirire. Dzinali analipeza ndi pakamwa pawo pomwe. Akafunsa funso m'kalasi ankaliyankha okha munthu asanameze n'komwe malovu, kenako n'kugogoda tebulo ndi choko, amvekere, "Mwamvatu? Tipitirire."

Choseketsa n'chakuti phunziro lawo la pamtima, limene ankadziwika nalo mpaka ku makoleji ena, linali la kudikira. Ankaphunzitsa kuti mphunzitsi akafunsa funso azitseka pakamwa, ampatse mwana mpata woganiza, chifukwa mutu wa mwana si mpopi woti ukangopotokola madzi n'kutuluka. Ankatinso mwana sabwera kusukulu ali wopanda kanthu ngati ndowa yoti mphunzitsi athiremo nzeru. Amabwera ndi zake zimene waona kunyumba ndi m'njira, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kuzifukula. Zonsezi ankazilongosola mokoma zedi, kuyambira belu lolowera mpaka belu lotulukira, osapumira, ngati munthu womeza wailesi.

Eni akewo dzinalo ankalidziwa, ndipo ankaliseka. Ankati ophunzira a ku koleji ndi akuluakulu, safunika kuwadikira ngati ana, komanso silabasi ndi yaitali kuposa chaka. Koma akazi awo sankawanyengerera.

"Inu bambo, ngakhale tsiku lija munandifunsira banja munadziyankha nokha," anatero mayiwo m'mawa wina akuwasitira malaya. "Munati, 'Undilola? Inde undilola.' Ine mpaka lero sindinayankhe."

"Ndiye yankha lero. Ukanandilola? Ukanandilola ndithu, panalibenso wina wooneka bwino kuposa ine. Nsapato zanga zili kuti? Zili kuseri kwa chitseko."

Mayiwo anangopukusa mutu n'kutembenuza kolala.

Tsiku limenelo a Tipitirire anali pa ulendo wokayesa wophunzira wina amene anatumizidwa kusukulu ya pulayimale kuti akazolowere ntchito. Anzake ankamutchula kuti Kachetechete, poti ku koleji ankakhala kutsogolo kwenikweni, maso ali pa mphunzitsi, osalankhula. Anali mayi wa mwana mmodzi, ndipo mwanayo anamusiya kwa azakhali ake kuti iye amalize maphunziro. Ku ofesi anali atawatsina khutu a Tipitirire kuti mtsikanayu analephera kale ulendo woyamba teremu yatha, ndipo lamulo la koleji linali losakambirana: wolephera kawiri amalongedza katundu n'kubwerera kwawo.

A Tipitirire anamumvera chisoni. Iwo ankayesa ophunzira ambirimbiri, sukulu iyi m'mawa, ina masana, mpaka nkhope zonse zinkasakanikirana m'mutu. Ali mu minibasi anayesa kuganiza kuti anamulepheretsa mwana wofatsa chotero angakhale ndani. Sanavutike kupeza yankho. Ayenera kuti anali mnzawo wa masamu uja, munthu wouma mtima amene ngakhale moni amayankha ngati akuchotsera malikisi.

Atafika, ahedi anawalandira ndi manja awiri n'kuwabwereka mpando wa mu ofesi yawo, wa mwendo umodzi waufupi. Anawaikira kumbuyo kwa kalasi, pafupi ndi zenera limene galasi lake linalowedwa m'malo ndi katoni. Ana anali atapanikizana pa madesiki, zigongono zikugundana, ndipo onse ankatembenuka mobisa kuti aone mlendo wa tayi. Kutsogolo Kachetechete anali atamanga chingwe kuchokera pa msomali wa bolodi kufika pa zenera, n'kuyanikapo kansalu konyowa. Phunziro linali la kumene madzi amapita zovala zikamauma. A Tipitirire anagwedeza mutu mokhutira. Chipangizo chophunzitsira chinalipo, chotsika mtengo, choti mwana aliyense anachionapo kwawo.

Kachetechete anakhosomola pang'ono, anaika dzanja limodzi kumbuyo, n'kuyamba kuyenda kuchokera pakhomo kupita pa zenera.

"Ana inu, kansaluka kanyowa. Pofika masana kakhala katauma. Madziwo apita kuti? Apita mumpweya. Awatengera kumeneko ndani? Kutentha kwa dzuwa. Kodi madziwo timawaona akamapita? Sitiwaona."

Mawu ake anali omveka, otsetsereka bwino, opanda kudodoma. A Tipitirire anakhala tsonga pampando wawo wopendekeka uja. Koma mtsikanayu amatha, anatero chamumtima. Kayendedwe kake, kaimidwe kake, kakwezedwe ka mawu pofika pa mfundo, zonse zinali za mphunzitsi weniweni. Kunena zoona, anali asanaonepo wophunzira wowafika pamtima chotere, ndipo sankadziwa chifukwa chake.

Chifukwacho anachidziwa posakhalitsa. Kachetechete anaima pakati, anakweza chala n'kukankhira magalasi m'mwamba pamphuno. Koma mtsikanayo savala magalasi. A Tipitirire anapeza chala chawo chomwe chili pamphuno, chikuchita zomwezo. Anachitsitsa msangamsanga ngati agwira mbaula. Nthawi yomweyo choko chinagogoda tebulo kutsogolo kuja.

"Mwamvatu? Tipitirire."

"Eee!" anayankha ana onse pamodzi.

A Tipitirire anamasula tayi pang'ono. Ndiye kuti nthawi yonseyi ankadzigwedezera okha mutu! Anayenda ulendo wonsewu, kupanikizidwa mu minibasi, kudetsa nsapato ndi fumbi, kuti adzadzionere okha atavala siketi, n'kudziyamikira kuti amatha. Ngakhale kupukutira choko m'mbali mwa chovala, chizolowezi chimene akazi awo anatopa nacho kuchapa, mtsikanayu anali atachitenga osasiyako.

Atasiya kudziyang'ana, anayamba kuona ana. Pa mzere wachiwiri panali kamtsikana kometa bwino, kovala juzi yaikulu. Funso lililonse likafunsidwa, dzanja lake linkanyamuka pang'onopang'ono mpaka pa phewa, milomo ikugwedera ngati ikusaka poyambira. Lisanafike m'mwamba, yankho linali litaperekedwa kale ndi madamu, ndipo dzanjalo linkabwerera pansi pa desiki. Linatero mobwerezabwereza, kenako silinanyamukenso. Kamtsikanako kanayamba kutolatola ulusi wa juzi yake.

Phunziro linatha ndendende belu likulira. Ana anakopera zonse za pabolodi, ndipo kupatula "eee" uja, palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anatulutsa liwu. Malamulo oyesera ankanena poyera kuti phunziro limene ana sanalankhulemo ndi lolephera. A Tipitirire ankawadziwa bwino malamulowo, poti anawalemba ndi iwo omwe, ndipo ankanyadira kwambiri ndime imeneyo.

Ahedi anawapatsa kachipinda kosungiramo katundu kuti akambirane ndi wophunzira wawo. Munali madesiki othyoka, mpira wophwa ndi mulu wa matsache. Kachetechete anakhala pa benchi, manja ali pa maondo, nkhope ili gwa ngati munthu wodikira zotsatira kuchipatala. Mwambo wake unali woti woyesa ayambe wafunsa wophunzira maganizo ake.

"Madamu, mwaliona bwanji phunziro lanu? Mwaliona kuti..."

Anadziluma lilime. Analumadi, mpaka kumva kuwawa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, anaganiza zolawako mankhwala amene akhala akugawira anthu zaka zonsezi. Anatseka pakamwa n'kudikira.

Palibe amene anawauzapo kuti kudikira kumapweteka chonchi. Mayankho anadzadza m'kamwa, akukankhana kuseri kwa mano ngati anthu pakhomo la minibasi. Ntchentche inazungulira mpira wophwa uja. Panja ana ankaphokosera. Kachetechete naye anali duu, akuwayang'ana mwaulemu, kudikira kuti amalize okha monga mwa masiku onse. Anakhala choncho anthu awiri, wina kudikira mnzake, mpaka a Tipitirire anayamba kukayika ngati zimene amaphunzitsa zija zimagwiradi ntchito kapena anangoziwerenga m'mabuku.

Kenako mtsikanayo anayang'ana pansi n'kulankhula motsitsa.

"Ndamaliza pa nthawi yake, bwana."

Iwo anagwira m'mphepete mwa desiki kuti pakamwa pasatseguke.

"Ulendo uja munati ndimataya nthawi. Ndiye lero ndayesetsa kuti ndisataye."

"Ndinatero ine?"

"Eya, bwana. Teremu yatha, kalasi yomweyi, phunziro lomweli. Munakhala pampando womwe uja."

Mnzawo wa masamu, amene anamunyoza njira yonse mu minibasi, analibe mlandu uliwonse. A Tipitirire anamva manyazi kuyambira kumutu mpaka ku zala za kumapazi.

"Tandikumbutsani," anatero, mawu atachepa.

"Ndinafunsa funso lomwe lija la madzi. Kamtsikana ka juzi kaja kanakweza dzanja. Kali ndi chibwibwi, bwana, ndiye kakafuna kulankhula kamatenga nthawi. Ine ndinakumbuka zimene munatiphunzitsa, ndinadikira. Anzake anayamba kuseka, ndinawaletsa, n'kudikirabe. Belu linalira ndisanafike n'komwe pakati pa phunziro. Inu munali ndi sukulu ina yoti mukayese, ndiye munaimirira n'kundiuza pakhomo kuti mphunzitsi sangamaime ngati chitsa ana akumuyang'ana."

Mawu akuti chitsa anawazindikira. Anali awo ndithu, ndipo mwina tsiku limenelo anachoka akudzitama kuti anena mwaluso.

"Ndiye ndinaganiza kuti mwina zodikirazo ndi za pamayeso olemba chabe," anapitiriza Kachetechete. "Ndinadzifunsa kuti mphunzitsi wodziwa kwambiri amene ndinamuonapo ndani, amene belu silimupezerera. Ndi inu, bwana. Ndakhala ndikuyeserera pagalasi kunyumba teremu yonse. Sindikufuna kubwerera kwathu chimanjamanja. Mwana wanga amauza anzake kuti amayi ake ndi aphunzitsi."

Sankawanyoza ayi, ndipo n'chimene chinawawa kwambiri. Akanakhala kuti akuwanyogodola, bwenzi ataseka nawo monga ankasekera dzina lawo lija. Koma mtsikanayu ankawalemekeza ndi mtima wonse, moti anataya chinthu chabwino chimene anamva kwa iwo n'kutola chimene anaona.

"Nanga kamtsikanako kanayankha tsiku limenelo?"

"Kanayankha inu mutangotuluka. Kanati madzi amamwedwa ndi mphepo, chifukwa amayi ake akayanika zovala pakhonde kunja kuli mitambo, zimauma ndithu popanda dzuwa."

A Tipitirire anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Mwana wa juzi uja anali ndi theka lina la phunziro, limene lero silinatchulidwe n'komwe. Analibweretsa kuchokera pakhonde la amayi ake, monga momwe iwo amanenera pa koleji chaka ndi chaka, ndipo lero analinyamula mpaka pa phewa n'kulibweza pansi pa desiki.

"Madamu," anatero, "lero alipo walephera, koma si inu, ndipo pepala langali lilibe malo omulembera. Kwanu simukupita. Ndikauza a ku koleji kuti ulendo uno usawerengedwe chifukwa woyesa ndiye anabwera wosakonzeka. Akandiseka, aseke, anayamba kale. Ndidzabweranso sabata ya mawa, ndipo mudzaphunzitse ngati mmene munalepherera muja."

"Nanga belu likadzalira, bwana?"

"Lidzalire. Ntchito yake ndi yomweyo."

Anaimirira, anakonza tayi, anatenga chikwama. Minibasi ya masana inali pafupi kudutsa, ndipo kamwa lawo, poona kuti nkhani yatha bwino, linabwerera ku msipu wake wakale.

"Mwamvatu? Tipi..."

Analigwira liwulo lili pakhomo. Chala chimene chinkapita kukagogoda desiki anachipinda n'kuchilowetsa m'thumba. Anaima pomwepo pakati pa matsache, bambo wamkulu wa imvi zake, akudikira ngati chitsa.

Kachetechete anaganiza ndithu, osafulumira. Kenako anakweza maso.

"Ayi, bwana, sindinamve. Ndikadikira mwana mmodzi, enawo ndiziwatani kuti asasowe chochita? Chimenecho simunatiuzepo."

Pa zaka zonse zimene a Tipitirire anafunsa kuti mwamvatu, uyu anali munthu woyamba kupeza mpata wonena kuti ayi. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma yankho lokonzeka munalibe. Anaika chikwama pansi, anakoka desiki yothyoka n'kukhalapo.

"Inu mukuganiza kuti tingawatani?" anafunsa.

Kunja minibasi ya masana inaimba hutala pamsewu, inadikira pang'ono, kenako inapita osawatenga.