Tsiku Limene Seva Inafa ku Kiliniki

"Wazula ndani chingwechi?" anafunsa Marjory Shaba, atagwada kuseri kwa kabati, fumbi lili mbuu m'manja.

A Bestone Jere, oyang'anira kiliniki yaing'ono ya pafupi ndi Jenda, anangoima pakhomo n'kumasisita chibwano.

Marjory ndiye ankasamalira makompyuta pamalopo. Panali maseva awiri, makompyuta akuluakulu osunga mbiri za odwala, kuti ina ikafa inzake itenge ntchito pompopompo. Memore ya seva yoyamba, kachipangizo koithandiza kukumbukira zinthu, inkadzikonza yokha ikalakwitsa pang'ono, koma kwa miyezi itatu zolakwikazo zinkangochuluka. Marjory analemba makalata awiri opempha memore yatsopano, osayankhidwa. M'mawa umenewo sevayo inafa, ndipo yachiwiri inapezeka yozima. Pa soketi yake panali firiji ya a Jere.

"Seva yachiwiriyo imangolira osagwira ntchito, a NyaShaba," anatero a Jere. "Mbwenu mabatire a sola n'kumatha pachabe."

"Kudikirako ndiye ntchito yake! Kodi mlonda mumamuthamangitsa chifukwa akuba sanabwere?"

"Musandikwezere mawu. Ndine wamkulu pano."

"Wamkulu? Pitani mukaone a Kizito!"

A Kizito anali ocheka matabwa ku Luwawa, ndipo anabwera nawo chamamawa, macheka atawang'amba dzanja, akubuula osatha kuyankha. Mu seva munalembedwa kuti jakisoni wa penisilini sayanjana nawo. Namwino sakanatha kuona zimenezo, choncho anawabaya. Nkhope inatupa, mpweya unabanika, mpaka anawathamangitsira kuchipatala chachikulu ku Mzimba pa galimoto ya matabwa.

A Jere anatulutsa pepala m'thumba. Mawu awo anafewa.

"Eni kiliniki akufuna lipoti. Ndalemba kuti magetsi anavuta. Mungosaina apa, ndapota. Tonse tili ndi ana."

Marjory anawerenga. Dzina lake linali pansi, ngati mboni. Mtima unamutentha mpaka m'makutu.

"Makalata anga aja mwawatchula?"

"Zakale zija tizisiye."

"Ndiye sainani nokha."

Analiponya patebulo pepalalo, n'kulumikiza seva yachiwiri, n'kutuluka.

Pakhonde panakhala mayi wina, malaya amagazi a a Kizito ali pamiyendo. Anali akazi awo, omwe anasowa malo m'galimoto muja.

"Mama, akuti ndi makina alakwitsa," anatero mayiwo. "Nanga makina ndingawafunse chiyani ine?"

Marjory anakhala nawo pabenchi. Anadziwa kuti akatsegula pakamwa, ntchito yake pano yatha. Anawafotokozera zonse pang'onopang'ono: za makalata, za chingwe, za pepala lomwe wakana.

Mayiwo anapinda malaya aja bwinobwino, n'kumangitsa chitenje.

"Yewo chomene," anathokoza motero. "Ali chipinda chiti bambo anazula chingwewo?"

Marjory analoza chitseko chobiriwira cha a Jere, n'kudzuka kukawagogodera.