Nkhono za Mayi Salomat

Oydin anafukula mchenga wa m'bokosi lagalasi ndi zala kachiwiri, ngakhale ankaona bwinobwino kuti munalibe kanthu. Sariq, buluzi wopanda miyendo amene bambo ake anamuweta kwa zaka makumi atatu, anali atasowa.

Linali tsiku lachitatu chiwaikire m'manda bambo akewo, Bambo Ergash. Amuna anali ndii pa mabenchi kunja kwa geti, amayi akuthirira tiyi odzapepesa. Oydin anamukokera kumbali Ravshan, mlongo wake, mzime amene nyumba inamutsalira.

"Iwe, Sariq ali kuti?"

"Wathawa, achemwali. Mwina wina sanatseke bwino."

"Kuthawa? Nkhalamba yoti kutembenuka kokha imatha tsiku? Tandiyang'ana."

Ravshan anayang'ana nsapato zake. Chiyambire ubwana, bodza linkamufiiritsa makutu, ndipo imvi sizinamuchize nthendayi.

Chinkamuwawa Oydin n'chakuti iye anapemphapo kuti atenge buluziyo, popeza kwa mwamuna wake n'kuseri kwa mzikiti pompa. Bambo anakana ali pamphasa. "Kwawo ndi kuno," anatero, n'kuika buledi m'manja mwa Ravshan. Ravshan analumbira onse akumva: "Buledi ameneyu andikanthe ndikadzamutaya." M'tauni ya Urgut muno munthu salumbirira buledi mwachibwana, ngakhale nyenyeswa yogwa pansi imatoledwa n'kupsompsonedwa.

Oydin anakamupeza Sariq kuseri kwa khola la nkhosa, m'thumba la ufa, msana utadulidwa ndi khasu. Zikope zinali zotseka ngati za mwana wogona. Bambo ankakonda kuonetsa alendo zikope zimenezo: "Taonani, akuphethira. Munaionapo njoka yophethira inu?"

Atatembenuka, Ravshan anali ataima kumbuyo kwake.

"Musayambe phokoso pamaliro, achemwali."

"Unagwira buledi, Ravshan."

"Ndikanatani? Munthu akutsirizika, ndiziti ayi? Dzulo kunabwera akuchimuna a mwana wanga Dilbar kudzapepesa. Mayi a mnyamata atasuzumira m'chipinda anakuwa, tiyi yense pa diresi. Akuti sangatenge mtsikana wa pakhomo poweta njoka. Mwana wanga akalambire pakhomo chifukwa cha buluzi?"

"Ukanandipatsa ine! Ndi kutali kwathu? Mapazi angati?"

"Akanamva ndithu. M'dera muno mumabisika kanthu?"

"Ndiye unadikira bambo atseke maso. Mwamuna wamphamvu iwe, ngwazi ya khasu! Dothi la pamanda lisanaume n'komwe."

Ravshan anakonza chipewa chake n'kubwerera ku mabenchi, kukalandira mapepeso ndi nkhope ya mwana wabwino. Oydin anamva chidani, chidani chenicheni, pa munthu amene anamubereka kumsana. Anakumba kadzenje pansi pa mpesa ndi khasu lomwelo, n'kumuika Sariq atamukulunga ndi mpango wake woyera.

Akusamba m'manja pa mpope, kageti ka kumunda kanalira. Anali Mayi Salomat, mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda, amene ana ake onse anapita ku Russia. Ankayenda ndi ndodo, dzanja lina atanyamula kabotolo.

"Mwanangu, ndabweretsa chakudya cha chilombo chanu chija. Usandionetse, ndimanyansidwa nacho." Anamupatsa kabotoloko. Munali nkhono ziwiri. "Ndakwawa m'munda monse, ndapeza zomwezi. Bambo ako ankapeza khumi m'mawa uliwonse."

"Ankabwera kwanu?"

"Chimwalirire bambo a kunyumba. Zaka zisanu ndi zinayi, chisanu kaya dzuwa. Amvekere, 'Salomat, nkhono zanu ndi zonona, Sariq sadya za kwina.' Bodza lokhalokha! Ndinkawaonera pa zenera akuzitulutsa m'thumba la mkanjo, n'kuzimwaza m'kabichi, kenako n'kumatola. Nthawi ya chisanu nkhono zichokera kuti? Ankangofuna aone ngati ndadzuka wamoyo. Akachoka, upeza nkhuni zawazidwa, ngalande yatsegulidwa." Anaseka, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Ine sindinawauze kuti ndikudziwa. Akanachita manyazi."

Oydin anayang'ana dothi lofukulidwa kumene pansi pa mpesa, n'kusuntha pang'ono kuti aliphimbe ndi diresi.

"Chikudya koma?" anafunsa Mayi Salomat. "Paja nyama nazo zimamva maliro."

Kunja kwa geti kunkamveka mawu a Ravshan akuthokoza anthu mwaulemu.

"Akudya, mayi," anatero Oydin. "Koma ziwiri sizimukwana."

"Nanga nditani ine, maondo anatha kale?"

Oydin anatseka kabotolo n'kukaika m'thumba la juzi.

"Musavutike. Mawa m'mawa ndibwera ndidzatole ndekha."