Phala la Mafuta Obiriwira

Halima analonjeza ali kamtsikana. Kunali kwawo, kuseri kwa Mandimba, tsiku limene asilikali a Apwitikizi anatenga bambo ake. Asilikaliwo nyumba sankaidziwa. Anaima pabwalo n'kufunsa, ndipo munthu wa pamudzi pomwepo anangokweza chala. Bambo sanabwererenso. Amayi anagwira dzanja la Halima n'kuliika pamutu pa mlongo wake Bashiru, amene anali akuyamwabe.

"Lumbira kwa Mulungu. Uyu sudzamuloza chala pamaso pa munthu wa mfuti, ngakhale atalakwa bwanji."

Analumbira.

Nkhondo imeneyo inatha, ina n'kuyamba, ya eni dziko okhaokha. Amayi anamwalira. Bashiru anagwidwa ndi zigawenga ali mnyamata, zikamusenzetsa katundu m'tchire. Halima anathawira ku Malawi n'kumanga kanyumba pafupi ndi Chiponde, masiku amene msewu wa ku Namwera unali wafumbi lofiira ndipo munthu wothawa nkhondo ankabwerekedwa munda asanafunsidwe n'komwe dzina la bambo ake. Mwamuna wake anapita ku maesiteti a fodya n'kukakwatira komweko, kumusiyira khanda, Rahma.

Kenako Bashiru anatulukira, wowonda, maso ali psu. Ankasuta chamba. Anachiphunzira kutchire, kumene ankawapatsa kuti miyendo isamve katundu. Anachibzala pakati pa chimanga cha mlongo wake. Ankati akasuta mfuti zimakhala chete m'mutu mwake, koma Halima ankaona zina: chifuwa chosatha, kuseka payekha, kuyankha anthu amene panalibe. Tsiku lina anagona kunsi kwa nkhokwe mpaka dzuwa kupendeka, akuti ndege zikubwera. Halima sanauze munthu. Aliyense ankadziwa kuti wothawa nkhondo akagwidwa ndi mlandu atha kubwezedwa kutsidya, ndipo ankadziwanso chimene chinkadikira kumeneko munthu amene anayendapo ndi zigawenga.

Chaka chimenecho chikuku chinalowa m'midzi ya m'malire. Rahma anatentha thupi, maso n'kumata, koma zidzolo zinkazengereza. Anthu a kumeneko ankanena kuti chikuku chikapanda kutulukira pakhungu chimadya mwana m'kati, ndipo chochitulutsa ndi chamba. Ambiri ankangowiritsa masamba n'kusambitsa mwana. Bashiru, amene ankamukonda mwana wa mlongo wakeyo kuposa chilichonse, anaona kuti madzi n'ngofooka. Halima ali kumjigo, iye anathyola nsonga zokhwima, zomata m'manja zija, n'kuzikazinga m'mafuta ophikira a chithandizo cha othawa nkhondo mpaka anabiriwira. Anathira m'phala n'kudyetsa mwana.

"Achemwali, mawa muona," anatero akumwetulira. "Chituluka chonse."

Kutacha, Rahma sankadzuka. Khosi linali lende, mpweya ukutuluka motalikirana. Bashiru anakweza Halima ndi mwanayo panjinga mpaka pa kachipatala ka malata m'mbali mwa msewu, iye n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi khomo.

M'katimo munali a Simioni, amene aliyense ankawatchula adokotala ngakhale anali othandizira chabe. Pakhomo, pa benchi, panali a Jaffalie, wapolisi wonenepa amene ankabwera kudzaletsa anthu kukankhana pa mzere wa katemera. Mfuti yawo inali itatsamira kukhoma.

A Simioni anatsegula zikope za mwana, n'kumutsina pachidendene. Rahma anangogwedeza chala chakuphazi.

"Chikuku ndachiona. Koma tulo iti si ta chikuku. Mayi, mwana wamwa chiyani?"

"Bere basi, adokotala. Ndi phala."

"Phala lanji?"

"Lamgaiwa."

A Simioni anamuyang'ana. "Tamverani. Ngati ali malungo okwera kumutu, pali jakisoni wake. Ngati wamwa china chake, jakisoni ameneyo ndingomupweteka naye, nthawi n'kumapita. Ine sindilosera. Ndikufuna mundiuze."

Halima anayang'ana msana wa a Jaffalie. Anayang'ana pachifuwa pa mwana, kudikira kuti pakwere. Panachedwa. Panakwera.

Ananong'oneza, koma m'nyumba ya malata yopanda siling'i mawu sabisika.

"Chamba. Chokazinga m'mafuta."

Benchi inalira. A Jaffalie anali atadzuka.

A Simioni sanatembenuke. Anagoneka mwana chammbali, n'kumumanga diripi pa kamkono. "Uyu apite ku boma lero lomwe. Akasiya kupuma, ine pano ndilibe chomuthandizira." Anatuma uthenga kwa dalaivala wa galimoto ya bungwe la othawa nkhondo, imene inali itangotsitsa mankhwala.

"Mayi, chamba chimenecho n'cha yani?" anafunsa a Jaffalie.

"A Konsitabulo, ino si polisi," anatero a Simioni.

"Polisi ili pamene ndaima ine."

"Mwaona zimene lamulo lanuli limachita? Mayi uyu akanabwera dzulo. Onsewa ali pamzerewa akusambitsa ana chamba, koma palibe angandiuze, chifukwa inu mwakhala pakhomo langa. Amabwera mwana atauma kale."

"Ndiye mukufuna tizichiunjika pamsika ngati bonongwe?"

"Musandiikire mawu m'kamwa. Chamba ndimachidziwa kuposa inu. Ndine ndimatumiza anyamata kuchipatala cha amisala ku Zomba atamangidwa zingwe, akutukwana amayi awo. Koma wosuta ndi wodwala. Mukamutsekera, amatuluka akusuta kawiri."

"Masiku ano aliyense watsegula pakamwa," anatero a Jaffalie akuseka pang'ono. "Dzana matipate, lero chamba. Mawa mutiuza kuti wakuba naye ndi wodwala." Kuseka kunatha. Analoza mwana ndi chibwano. "Nanga uyu? Anasankha yekha kusuta? Munthu amene wachita izi mawa adzadyetsa wina, ndipo mudzandifunsa inu nomwe kuti ndinali kuti."

Halima anaona kuti mawu amenewo awalasa a Simioni, ndipo mantha ake anakula.

"Ndine ndinaphika, abwana," anatero.

"Inu?"

"Ine."

"Tambasulani manja." Anawanunkhiza. "Awa ndi manja a sopo ndi utsi wa nkhuni. Koma ngati mukufuna choncho, palibe vuto. Tiyeni. Mwana apita yekha."

"Sangapite yekha," anatero a Simioni. "Akuyamwa. Ku boma mwana wopanda womudikirira ndani amutembenuze, ndani amuone akasiya kupuma? Mukumupha."

"Sindine ndinamudyetsa. Lero wina apita ndi ine: mayi ake, kapena mwini munda. Asankhe yekha."

Kunja galimoto inalira hutala. Dalaivala anakuwa kuti iye sagona kuno, phiri la Chowe salitsika mdima utagwa.

Halima anasuzumira pakhomo. Bashiru anali pomwe paja pansi pa mango, atagwira njinga ndi dzanja limodzi. Milomo yake inkayenda. Anali akukambirana ndi anthu ake aja. Atamuona anaimirira, nkhope n'kuwala ngati ya mwana.

"Achemwali, chatuluka?" anafuula. "Ndinakuuzani kuti chituluka."

Amayi a pamzere anayang'ana pansi onse. Ankamudziwa. A Jaffalie, amene mwina anali atazindikira kale, sanatembenuke. Ankafuna azimve kwa mboni.

"Abwana, ndi wodwala mutu," anatero Halima. "Mukamubweza kutsidya akamupha."

"Ndani?"

"Ndikupempha m'dzina la Mulungu. Ndikazula chonse ndekha, ndikatenthe inu mukuona."

"Ndafunsa kuti ndani."

A Simioni anali atanyamula mwana, botolo la diripi ataligwira m'mwamba. Mutu wa Rahma unalendewera pamkono wawo, kukamwa kuli yasa. Halima anayang'ananso pachifuwa paja. Anadikira. Anadikirabe. Panakwera pang'ono, ngati mpweya wa kamwanapiye.

"Mayi, ine ndikukamukweza," anatero a Simioni motsitsa mawu. "Mukwere naye, kapena musakwere."

Hutala inaliranso. A Jaffalie anatenga mfuti yawo pakhoma n'kuikoleka paphewa.

Bashiru anali akubwera chakukhomo, akukankha njinga, akumwetulirabe.

Halima anakweza dzanja n'kumuloza chala.