Mitengo Yovala Nsapato

Ndinalota minibasi itaima pabwalo lathu kuno ku Bangwe, mitengo ili pamzere kudikira kukwera. Bwalo lake ndi lija lili pakati pa nyumba zathu ndi mtsinje, pamene tinadzala mitengo ndi a komiti ya chitukuko kuti madzi asamagumule gombe, komanso kuti anthu azipeza popumira. Unali usana, kukutentha, ndipo mtambo wakuda unali utakhala paphiri ngati munthu wotopa.

Ndinatsegula chitseko kuti ndikaone, koma pakhonde ndinapeza mtsinje. Unaima mwaulemu, utanyamula majumbo ndi mabotolo ake onse.

"Odi," unatero.

"Kulibe anthu," ndinayankha.

"A Likongwe ndikuwaona pamphasapo. Ndilowa ukangokwera mtengo womaliza."

A Likongwe ndi amuna anga. Mwendo wawo ndi dzanja lamanja zinafa, sayenda, ndipo ine ndekha sindingawanyamule. Ndinaulambalala mtsinjewo n'kuthamangira pabwalo.

Kutsogolo kwa mzere kunali mbawa, kenako mthethe ndi keshya, kumapeto kamtengo ka katope. Uliwonse unali utavala kuphazi chubu chakuda cha pulasitiki, chija mbande zimabweramo kuchokera ku nazale.

"Mukupita kuti?" ndinaufunsa mbawa.

"Mayi Nangondo, tatsanzika. Chifikireni takhala titavala nsapato, ndipo palibe watiuza kuti tivule. Taona kuti pakhomo pano sitikufunidwa."

Zinalidi choncho. Tsiku lodzala lija anthu ankathamangira kujambulidwa ndi kulandira mabanzi, moti mbande ankangoziponya m'dzenje ndi chubu chomwe, n'kupondapo.

"Anayianayi pampando!" anakuwa kondakitala. "Nthambi pamiyendo! Inu a mbawa, pindani mutu, si ndege iyi."

Kondakitalayo anali malemu achimwene anga, a Wayisoni, amene tinawaika kwathu ku Thyolo. Anali atanenepako.

"Achimwene, ndi inu amene mukunditengera mitengo?"

"Ine ndi ganyu chabe, chemwali. Ng'amba chubucho, usataye nthawi ndi ine."

Ndinayesa ndi zikhadabo, chubu osang'ambika. Ndinafunsa lumo kwa anthu amene ankaonerera, onse anangofufuza m'matumba n'kutulutsa mafoni. Apo ndinaona a Makwinja, apampando a komiti, ataima patebulo akulankhula, sizasi yayikulu ili m'manja.

"A Makwinja, chonde ndibwerekeni sizasiyo."

"Iyi ndi yodulira riboni, mayi. Komanso sindinamalize kulonjera alendo olemekezeka."

Alendo olemekezekawo anali mipando yopanda anthu, ndipo inkaomba m'manja.

"Bambo, mtsinje uli pakhonde panga!"

"Nkhani imeneyo tiikamba kumapeto, pa zina ndi zina."

Ine si munthu wokalipa. Ngakhale mbuzi ikandidyera ndiwo m'dimba ndimaiperekeza bwinobwino. Koma apa ndinamanga chitenje mpaka chinalira.

Mbawa unakwera. Mthethe unakwera, minga yake ikukanda denga. Keshya unakhala pa injini. Uliwonse ukakwera, mthunzi wake unkadzipinda ngati nsalu n'kulowa nawo, ndipo pansi pankatsala fumbi lowotcha mapazi. Nditacheuka ndinaona mtsinje utagwira kale chogwirira cha chitseko changa.

Kanatsala ka katope. Kanali katakweza kale phazi.

"Dikira kaye, mwanawe," ndinatero.

"Ndachedwa, agogo. Anzanga andisungira malo."

Ndinagwada, n'kuluma chubucho ndi mano anga otsalawa. Chinang'ambika. Mkati mizu inali itapindana ngati nkhata, yotuwa, yowonda. Ndinaimasula ndi zala pang'onopang'ono ngati tsitsi la mwana wodwala. Inadziwongola, inadutsa pakati pa phazi langa popanda kupweteka, n'kulowa m'dothi.

Achimwene anamenya chitseko cha minibasi, inanyamuka. Mtsinje unasiya chogwirira chija, unayang'ana katope, unayang'ana ine, n'kutsikira kwawo ukung'ung'udza.

Ndinaimirira kuti ndipite kunyumba, koma mapazi anakana. Mizu inali itandisokerera pansi. A Makwinja anabwera ndi chidebe cha laimu n'kuyamba kundipaka miyendo mpaka m'mawondo.

"Musagwedezeke, mayi, alendo akuona."

Amayi ena anayala tomato mumthunzi mwanga. Wina anabwera ndi tsache n'kudandaula kuti ndikuyoyola masamba pomwe wasesa kale. Mwamuna wina anandizungulira, akundiyeza ndi maso, n'kufunsa anzake ngati mtengo wotere umatulutsa makala abwino.

Kunyumba ndinamva mawu a a Likongwe, ouma bwinobwino, osanyowa ngakhale pang'ono.

"Nangondo! Waima chiyani pamenepo? Nanga phala lija?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe zonse zimene zinali kukhosi kwanga. Koma timba anali atayamba kale kuikamo udzu wa chisa, ndipo ndinaona kuti si bwino kumusokoneza.