Mavoti Obwera pa Minibasi

Dyna Nkhwazi sanalotepo za ukhansala, ndipo akanakhala ndi mawondo abwino sakanaima nawo n'komwe. Chimene chinamulowetsa m'ndale ndi basi. Kampani ya mabasi itachotsa basi yoyamba ya m'mawa, ija yonyamuka sikisi koloko, iye ndi anzake ogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba anayamba kuyenda wapansi ola lathunthu, mumdima ndi m'chisanu cha ku Leicester chosaona nkhope chija. Dyna anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo bondo lake lamanzere linkatupa ngati chitumbuwa. Anachedwa kuntchito kawiri. Manijala anamupatsa makalata awiri a chenjezo, n'kumuuza mosapsatira kuti yachitatu ikhala yotsanzikana.

Khonsolo inali ndi mphamvu yolipira kampaniyo kuti basi ibwerere, koma makalata atatu amene Dyna analemba anangolowa m'madzi. Kenaka khansala wa wodi yawo anamwalira, ndipo kunalengezedwa chisankho chapadera cha m'mwezi wa Novembala.

Amene anamuika maganizowo m'mutu ndi Rafik, woyendetsa takisi, mwana wa Mayi Mehrunisa a nyumba yoyandikana ndi yake m'dera la Evington. Mayiwa anali Mmwenye wobadwira ku Limbe, anachokako kalekale ali mtsikana, koma Chichewa chinawatsalira pakamwa, ndipo mwana wawoyo anatolako.

"Anti, kuwina simungawine, zipani zazikuluzi ndi njovu," anatero Rafik. "Koma wodi ino anthu amasiyana mavoti ochepa, mwina fifite basi. Inu mukapeza thuu handiredi, wowinayo akuimbirani foni yekha kufunsa chimene mukufuna. Chitani zinthu ziwiri. Gogodani makomo a m'misewu ino. Ndiponso anzanu a ntchito aja, ochita lendi zipinda m'wodi muno, alembetse. Wa ku Malawi, wa ku Zambia, wa ku Zimbabwe, onse amaloledwa kuvota, bola dzina likhale pa adiresi imene amagona."

Dyna anawerengera pamtima. Anzake otero analipo oposa makumi asanu ndi atatu, ndipo anadziwa kuti ambiri dzina lawo silinali m'kaundula. Nkhani inali yosavuta.

Inavuta atamva Bambo Jameson Kalitsiro.

A Kalitsiro anali mkulu wa mpingo, ankakhala ku Corby, tauni ina kutali ndi Leicester, kumene ankayendetsa galimoto yonyamula katundu m'nyumba yosungiramo malonda, ndipo anakhalapo monita wa chipani pa zisankho ziwiri kwawo ku Ntcheu. Zisankho ziwirizo ankazinyamula paliponse ngati digiri. Palibe amene anawasankha kukhala mkulu wa kampeni, anangodzuka tsiku lina ali mkulu wa kampeni. Ndipo Dyna akanawakana bwanji? Ndi iwo amene anamulandira atangofika m'dziko muno. Mwamuna wake atamwalira, ndi iwo amene anathamanga usana ndi usiku mpaka mtembo unakafika ku Chileka. Munthu wotere sumuuza kuti khalani pansi.

Chizindikiro choyamba chinaoneka pa fomu. Woima payekha amafunika anthu khumi a m'wodi momwemo omusayinira. A Kalitsiro anatenga fomuyo, n'kubwera nayo yodzaza bwino, asanu a ku Corby, asanu a ku Normanton ku Derby. Ku ofesi ya chisankho anaibweza asanaiwerenge kawiri. Mayi Mehrunisa atamva, anaimba mafoni ali pakhitchini pawo, ndipo ola lisanathe fomu yatsopano inali itasayinidwa ndi anthu khumi a mumsewu womwewo.

"Bambo, mwaonatu," anatero Dyna mofatsa. "A ku Corby sawerengedwa kuno."

"Mayi, kusayina n'kwina, kuvota n'kwina," anayankha a Kalitsiro akuseka. "Kwathu munthu amavotera kumene amagwira ntchito, kumene anabadwira, akafuna amasamutsa dzina. Ndiye Azungu amene anatiphunzitsa demokalase angakanize munthu kuvotera mlongo wake? Zimenezo ndisiyireni ine."

"Rafik akuti tigogode makomo."

"Makomo a Amwenye? Mmwenye amavotera Mmwenye mnzake, mayi. Musatope pachabe ndi bondo lanulo."

Apa Dyna sanatsutse, ndipo tisamunamizire ulemu wokha. Pansi pa mtima nayenso ankaganiza chimodzimodzi. Anthu khumi aja, iye anati, anangosayina chifukwa cha manyazi a pa chinansi.

Kulembetsa kunkatsekedwa Lachiwiri. Tsiku lokhalo limene Dyna anali wopuma linali Loweruka la m'mbuyo mwake, ndipo anakonza zoti ayende chipinda ndi chipinda, foni m'manja, kulembetsa anzake. Anamuuza Thoko, mnzake amene ankayenda naye m'mawa uliwonse, kuti awasonkhanitse. Lachisanu madzulo a Kalitsiro anaimba foni.

"Mawa tili ndi msonkhano waukulu ku Corby. Holo tabukitsa, kwaya yakonzeka, nsalu zafika."

"Nsalu zanji, bambo?"

"Zitenje, mayi! Handiredi thwente, nkhope yanu pakati. Mwaonapo kuti kampeni yopanda chitenje?"

"Koma ku Corby kulibe voti yanga ngakhale imodzi."

"Azimayi aphika kale. Mukufuna ndikawauze kuti mwawakana?"

Dyna anadula foni, n'kutukwana khoma. M'mawa mwake anakwera galimoto ya ku Corby, mtima uli phuliphuli. Koma zoona zake n'zakuti atalowa m'holomo, azimayi atavala nkhope yake m'chiuno, nthungululu zili pwirikiti, nyimbo ikutchula dzina lake, mkwiyo wonse unasungunuka. Zaka khumi ndi zinayi akupukuta okalamba amene ankamutchula kuti Diana, lero anthu oposa zana akuimba kuti Dyna yemweyo kuti wawawa! Anavina, bondo analiiwala. Anabwerera ku Leicester mawu atasasa. Lamulungu, Lolemba ndi Lachiwiri anali ndi mashifiti aatali, ndipo kaundula anatsekedwa iye akusintha mabulangete.

Lachinayi la chisankho Dyna anakavota m'mawa pa sukulu ya pulayimale ya m'dera lawo. Munalibe mzere, munalibe apolisi, munali azimayi awiri okha pa tebulo ndi mapensulo omangidwa ku kachingwe. Akutuluka, anamva nyimbo. Anaima pageti, manja m'chiuno, n'kuona maminibasi atatu akukhota pakona, zitenje zikukupiza m'mawindo.

"Ambuye, ndichitireni chifundo," anatero.

Anatsika anthu makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Ena anasinthitsa mashifiti, ena anabwera molunjika kuchokera kuntchito maso ali psuu. Anandanda bwinobwino monga kwathu, aliyense pasipoti m'manja, ena atakonzekeratu chala cha inki. A Kalitsiro anali kutsogolo, atavala suti ndi tayi wa chitenje chomwecho.

Mayi wa patebulo sanafune pasipoti ya munthu. Ankangofunsa dzina ndi adiresi, n'kuyendetsa rula pa mndandanda, n'kupukusa mutu. Woyamba, wachiwiri, wachisanu. Pofika wachikhumi anali atasiya n'kuyang'ana komwe pa pepala, akangomva kuti Corby.

"Manje ise tachoka ku Derby, nasiya na shifiti yanga," anakuwa Grace, mayi wa ku Zambia. "Bakamba ati sitingavote? Nanga tabwelela chani?"

"Auzeni kuti ndi abale anu," a Kalitsiro ananong'oneza Dyna. "Auzeni kuti tikusamutsa mayina."

"Bambo, kuno kulibe kusamutsa pa tsiku lovota. Ndinakuuzani."

"Ndiye taonani akuvotetsa ndi pensulo! Pensulo, mayi! Pali chimene akufuna kufufuta."

Dyna anangotembenuka. Kumapeto kwa mzerewo kunali Thoko ndi anzake a kuntchito okwana khumi ndi awiri, anthu amene ankagona misewu iwiri yokha kuchoka pasukulupo, amene ankayenda naye mumdima tsiku lililonse. Thoko anatchula adiresi yake molimba mtima. Rula inatsika, inakwera, inatsikanso. Dzina panalibe.

"Anti, ndimayesa munatilembetsa nokha Loweruka lija," anatero Thoko. "Tinakudikirani mpaka foloko."

Dyna anasowa poyang'ana. Izi zinamupweteka kuposa maminibasi onse atatu, chifukwa apa panalibe Kalitsiro woti amuloze chala.

Mavoti anawerengedwa Lachisanu m'mawa, m'holo ya masewero. Oimira zipani anavala maluwa a nsalu pachifuwa, Dyna anavala yunifolomu chifukwa masana anali ndi shifiti. Anaona milu ya anzake ikukwera, wake uli kamulu kochepa kumapeto kwa tebulo. Mkulu wa chisankho anawerenga zotsatira motsatira mayina, ndipo atafika pa Nkhwazi, dzina limene analipotokola mpaka kusazindikirika, anati mavoti makumi asanu ndi anayi ndi asanu ndi limodzi. Nayinte sikisi. Wowina anaposa womutsatira ndi mavoti fifite eyiti okha, monga ananenera Rafik.

Khansala watsopanoyo anayenda kugwira chanza aliyense. Atafika pa Dyna anamwetulira, namuyamikira pomutchula kuti Diana. Dyna anayamba kunena za basi ya sikisi koloko, koma bamboyo maso anali kale pa wojambula zithunzi. Anati amulembere kalata.

"Atibera!" a Kalitsiro anafika akupuma mwabefu. "Anthu onse aja a ku Corby, nayinte sikisi? Tipite kukhoti, mayi. Ine ndinaona mapensulo ndi maso angawa."

Zaka khumi ndi zinayi za ulemu zinathera pomwepo.

"Bambo Kalitsiro, palibe watibera! Tadzibera tokha! Ndinakuuzani pa fomu, ndinakuuzani pa foni, ndinakuuzani pageti. Kuno si ku Ntcheu! Anthu anu a ku Corby ali ndi mabasi awo, amapita kuntchito atakhala pampando. Ine Lolemba ndidzuka ndi bondo ili, ndipo ndikachedwa ntchito yatha. Kodi chitenje ndikwera?"

Anthu anatembenuka. A Kalitsiro anakonza tayi wawo uja, ndipo kwa nthawi yoyamba Dyna anaona kuti munthuyu wakalamba.

"Ndimafuna akuoneni kuti muli ndi anthu," anatero motsitsa mawu, n'kutuluka.

Rafik anamutenga Dyna pa takisi yake kupita naye kunyumba. Pakhomo anapeza Mayi Mehrunisa atakhala pa kampanda kolekanitsa nyumba ziwirizo, atafunda shawelo.

"Nayinte sikisi," anatero mayiwo. "Ine ndawerengera. Msewu uno ndi wa kumbuyoku, seventi. Ndinawatuma ndekha, ena ndinawakoka pa mkono."

Dyna anaima chilili. "Seventi? A mumsewu muno?"

"Nanga mumayesa achokera kuti? Atsikana amene amabwera kudzasambitsa amuna athu odwala amakwera basi yomweyo. Akachedwa, timavutika ndife." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kubondo. "Mchemwali wanga Safura amakhala kuseri kwa mzikiti, misewu inayi yonse ija ndi anthu a ku Limbe, a ku Zomba, a ku Dedza. Anandifunsa kuti, mayi wa kwathuyo abwera liti kudzatipempha? Anagula ndi mabisiketi. Ine ndinati abwera. Simunagogode, mwana wanga. Ngakhale khomo limodzi."

Dyna anafuna kunena za mashifiti, za bondo, za a Kalitsiro. Koma zonsezo anazisiya, poti mayiwo ankadziwa chifukwa chenicheni, ndipo iye ankadziwa kuti akudziwa. Fodya wake anali pamphuno pomwepa, iye n'kukamufuna ku Corby.

"Ndinalakwa, mayi," anatero.

"Eya, munalakwa," anavomera Mayi Mehrunisa, osamunyengerera n'komwe. "Lowani mumwe tiyi, shifiti ikudikira."

Lolemba Dyna anatuluka m'nyumba hafu faifi, kuti bondo likavuta panjira asachedwebe. Kunja kunali mdima ndi kamvula kowaza. Pa siteji ya basi anapeza Thoko akumudikira monga mwa masiku onse, atadzikulunga chitenje cha kampeni pamwamba pa jekete, nkhope ya Dyna ikumwetulira kumsana kwake.

"Chimafunda bwino, anti," anatero Thoko. "Pakhale chimene tapindula."

Dyna sanaseke. Anayenda mpaka anafika kuseri kwa mzikiti, kumene misewu inayi ija imayambira. Ankadutsapo tsiku lililonse, koma lero anachepetsa liwiro n'kuyamba kuwerenga makomo, ofiira, obiriwira, oyera, ena magetsi atayaka kale kukhitchini. Anafika pa makumi asanu ndi limodzi msewu woyamba usanathe.

"Anti, nthawi," anatero Thoko.

Dyna anayang'ana wotchi, n'kusiya kuwerenga. Anakoka mwendo wake, nayamba kukwera chitunda.