Cha Wobwera Pambuyo

"Nyale iyi ndiipachika madzi a tiyi asanawire," anatero a Pasipoti, akumenya katoni ndi chikhatho. "Ine ndayatsa mahotela m'mayiko asanu ndi awiri, alamu. Kwina ndinapachika nyale yolemera ngati mwana wa ng'ombe, pamwamba pa mitu ya anthu olemera okhaokha, ndipo mpaka lero sinagwedezeke. Nanga kabalaza aka n'kachiyani?"

Alamu awo sanayang'ane n'komwe katoniyo. Ankapinda malaya a amuna awo, amene anaikidwa m'manda masiku atatu apitawo.

Dzina loti Pasipoti anawapatsa ndi malemu omwewo, achimwene awo, chifukwa kabuku kaulendo sikankachoka m'thumba la pachifuwa. Ndipo kuyenda munthuyu anayendadi. Anachoka pakhomo ndi thalauza limodzi, lero ali ndi kampani ya zamagetsi, antchito makumi asanu ndi limodzi, ndi wotchi yoti ukaigulitsa ufolera nyumba. Koma achimwene awo, wamagetsi wa njinga yakapalasa amene anawaphunzitsa kugwira pulaya, anadwala miyezi isanu ndi itatu, ndipo mwezi uliwonse a Pasipoti ankanena pafoni kuti abwera mwezi wamawa. Anafika m'mawa wa tsikuli, maliro atatha, mipando ya eni itabwezedwa kale.

Atangolowa anatulutsa envelopu yonenepa. Alamu awo anaikankha ndi chala chimodzi mpaka kumphepete kwa tebulo.

"Bwezerani m'thumba, bwana. Bokosi tinagula kale."

Bwana. Zaka zonsezi mayiyu ankawatchula kuti alamu, n'kumawaseka kuti amadya ngati akuthawa ngongole. Mawu amodziwo anawalasa kuposa mbama. Poti analibe poyang'ana, anayang'ana kumwamba, ndipo anaona kuti pabalaza palibe nyale. Pasiling'i panali kabowo, mawaya atatu akulendewera. Zenera linali limodzi, loyang'ana khoma la aneba, moti ngakhale masana munali mbuu. Anatuluka osatsanzika, n'kubwerera ndi nyale ya mababu asanu ndi limodzi, yamagalasi olendewera. Mumtima ankati nyumbayi ikawala, mwina wina awatchulanso bwino.

Mwana woyamba wa malemu, namwino amene anasamalira bambo ake mpaka tsiku lomaliza, anabweretsa makwerero.

"Ndi a adadi awa. Sitepe yachitatu njolobodoka, mupondepo bwino, bambo aang'ono."

"Mwana wanga, ine ndakwerapo nsanja zoti ukagwetsa sikuludiraiva imafika pansi mawa lake."

Anathimitsa swichi yaikulu, n'kukwera. Makwerero analira. Waya aliyense anali atakulungidwa tepi payekha, mwaukhondo, ndipo pa wofiira panali kapepala kokulungizidwa ndi ulusi. A Pasipoti anakasomphola n'kukaponya pansi.

"Koma achimwene," anaseka. "Zaka makumi atatu akuyatsa nyumba za eni, kwawo akukhala ngati mleme. Akanangopotokola mawayawa n'kumata tepi, bwenzi mukuonana nkhope muno."

Palibe anaseka. Alamu awo anapinda kolala ya malaya, n'kuisita ndi dzanja.

A Pasipoti anapisa m'thumba n'kutulutsa tizolumikizira tapulasitiki toonekera mkati, tating'ono ngati maswiti.

"Mwaziona izi? Zongokankha. Palibe sikulu, palibe thukuta. Ukankha waya, wagwira, basi. Kunja konse tikugwiritsa zimenezi."

"Adadi ankati pa nyale pamafunika zadothi," anatero namwino. "Zoyera zija, za timasikulu tiwiri."

"Adadi ako ankakondanso njinga pamene anzawo akukwera ndege."

Anakankha mawaya a nyumba, ouma a mtima umodzi, ndipo analowa bwino. Kenaka anatenga a nyale. Amenewa anali ofewa, tinsinga tambirimbiri topyapyala ngati tsitsi. Anawapota ndi zala n'kuwakankha. Analowa monyinyirika, tinsinga tina tikupindikira kunja. Penapake m'mutu mwawo munalira kabelu kochenjeza, koma zala zimenezi zinali zitatha zaka khumi ndi zisanu zikungosaina mapepala, ndipo m'khitchini ketulo inali itayamba kung'ung'udza pa gasi. Anakankhira zonse m'bowo, n'kumanga nyale.

"Kayatse swichi yaikulu, mwana wanga. Alamu, tsinzinani pang'ono, mungachite khungu."

Nyale inayaka. Balaza lonse linaonekera: mipando yong'ambika, chithunzi cha ukwati, ndodo ya malemu pakona. A Pasipoti anatambasula manja ali pamakwerero pomwepo. Kenaka kuwala kunaphethira kawiri, kusiling'i kunamveka kuthetheka, ndipo mdima unabwerera pamalo pake. Nthawi yomweyo ketulo inaliza mluzu.

"Madzi awira, bwana," anatero alamu awo.

Atathimitsanso magetsi n'kutsitsa nyale, anapeza waya wofewa atasololoka, nsonga yake itada, pulasitiki itachita chipsera. Anaima nayo m'manja, thukuta likutsikira m'kolala.

Namwino anali atatola kapepala kaja. Anakatambasula pafupi ndi zenera.

"Kalembedwa kwa inu."

"Kwa ine?"

Anawerenga ndi mawu osakwera, osatsika, ngati akuwerenga za mankhwala. "Pasipoti. Ndikudziwa ubwera ndi nyale yaikulu. Waya wa nyumba ndi wouma, wa nyale ndi wofewa. Zongokankha zakozo sizigwira wofewa, ndipo pa nyale pamatentha. Tenga zadothi. Pinda nsonga pawiri, manga sikulu, ukoke katatu. Chimodzi ndakusiyira pa thabwa la m'denga, chakumanja. Zinazo uli nazo iwe."

Zilembo zinali zokhota, za dzanja lonjenjemera. A Pasipoti anakhala pa sitepe ya makwerero, yolobodoka ija, osaimva n'komwe.

"Analemba liti?"

"Mwezi wachisanu akudwala," anayankha alamu awo. Kwa nthawi yoyamba anasiya malaya n'kuwayang'ana. "Anakwera okha, ine ndikugwira makwerero, ndikuwakalipira. Mumati n'chifukwa chiyani muno mulibe nyale? Ndalama zonse zinkapita ku mankhwala. Anthu ankabwerabe pakhomo, wina nyale yathima, wina soketi yapsa, anthu ake oti ngakhale kasikulu sangagule. Achimwene anu sankalola kupotokola mawaya n'kumata tepi m'nyumba ya munthu. Ankati kumeneko n'kusiyira ana a eni moto m'denga. Ndiye ankamasula zolumikizira za m'nyumba mwawo. Anayamba pakhonde. Kenaka m'kanjira, kenaka kuchipinda cha ana. Pomaliza pano."

"Bwanji osandiuza? Zinthu zotchipa ngati izi, ine ndikanatumiza lole yathunthu."

"Ankakuuzani kuti mubwere. Lole sankaifuna."

Namwino anapinda kapepala. "Akuti zinazo muli nazo inu. Ndi ziti, bambo aang'ono?"

A Pasipoti ankadziwa. Nkhani ya mmene anayambira anaikamba m'mahotela ambiri, galasi lili m'manja: mnyamata wa thalauza limodzi amene anapeza kontirakiti ya nyumba yogona alendo popanda womuthandiza. Chimene sankatchula n'chitini. Tsiku lochoka anatenga chitini cha achimwene awo pansi pa bedi, mmene munali zolumikizira zadothi zatsopano, zimene munthu anasonkhanitsa chaka chathunthu. Anasiya uthenga kwa alamu awo omwewa kuti abweza pakutha pa mwezi.

"Zinali makumi anayi," anatero alamu awo. "Ndinaziwerenga nawo. Sabata imeneyo anataya ntchito ya pasukulu chifukwa analibe zomangira. Sanakutchuleni kwa aliyense. Ankangoti mng'ono wanga wabwereka."

A Pasipoti anakwera pang'onopang'ono, n'kulowetsa mkono m'bowo mpaka m'chigongono. Fumbi linawagwera m'maso. Chakumanja, pa thabwa, zala zinakhudza kanthu kozizira. Anakatulutsa: cholumikizira chadothi, choyera, timasikulu take titamasulidwa kale kudikira waya.

"Ngakhale pamene analibiretu, chimenecho anakana kuchigwiritsa," anatero namwino. "Denga lililonse limene anagwiramo ntchito ankasiyamo chimodzi. Ankati n'cha wobwera pambuyo, asadzavutike."

A Pasipoti anatsika, n'kutenga makiyi a galimoto. Ulendo uno sanalonjeze kanthu.

M'sitolo yoyamba wogulitsa anawatulutsira zapulasitiki. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu mtsikana wapakauntala anawaseka. "Zadothi, bambo? Zimenezo n'za agogo. Tengani izi zazitsekerero, zimagwira ofewa ndi ouma omwe." Ankanena zoona, ndipo tsiku lina a Pasipoti akanamuphunzitsa mayina a mafakitale ake. Anangopukusa mutu. Anazipeza m'sitolo yachisanu ndi chimodzi, kuseri kwa malo okwerera basi, kwa mkulu wina amene anachita kukokera bokosi pansi pa shelefu n'kuliuzira fumbi.

"Zingati?"

"Makumi anayi."

"Muli ndi hotela?"

"Ayi. Nyumba ya zipinda zitatu."

Anabwerera dzuwa litapendeka. Anavula jekete, anavula wotchi, n'kuziika pampando. Namwino anatulutsa nyale zakale zimene bambo ake anazikulunga m'nyuzipepala pansi pa bedi. Anayamba pakhonde, mmene malemu anayambira. Kusenda waya, kupinda nsonga yofewa pawiri kuti sikulu isadule tinsinga, kumanga, kukoka katatu. Sikuludiraiva inaterereka n'kuwabaya pachala. Anayamwa magazi n'kupitiriza. M'kanjira waya wina anasololoka pa kukoka kwachiwiri, ndipo anamasula n'kuyambiranso, namwino ali pansi, wagwira makwerero.

Pabalaza anaima n'kuyang'ana nyale yawo yamagalasi ili pansi.

"Imeneyo ibwezereni m'katoni," anatero alamu awo. "Muno simubwera anthu olemera. Yathu ndi iyi."

Inali ya babu limodzi, mbale yake yoyera yothetheka m'mphepete. A Pasipoti anaipachika. Cholumikizira cha achimwene awo anachiika pa waya wofiira. Anakoka kamodzi, kawiri, katatu. Namwino atayatsa, nyale inayaka, kuwala kwake kochepa, kwachikasu, ndipo sinaphethire.

A Pasipoti anakhuthulira zolumikizira zotsala patebulo, pamene panali envelopu m'mawa. Alamu awo anabweretsa chitini cha mkaka chimene malemu ankasungiramo mapiritsi. Anawerenga chimodzichimodzi, chilichonse chikulira pogwera m'chitini.

"Makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi."

"Khumi ndi chimodzi zili m'denga," anatero a Pasipoti.

"Makumi anayi. Zakwana." Anagwira chivindikiro. "Ngongole imeneyi yatha. Miyezi isanu ndi itatu ija musavutike nayo, ilibe sitolo."

A Pasipoti anatola wotchi ndi jekete, n'kuyamba kupinda makwerero.

"Musapinde," anatero mayiyo.

Anapisa m'chitini, n'kutulutsa cholumikizira chimodzi. Anamasula timasikulu take tiwiri ndi nsonga ya mpeni wa patebulo, pang'ono chabe, mmene anaonera kwa zaka makumi atatu. Anawapatsira osawayang'ana kumaso.

"Kwerani. Pa thabwa, chakumanja."