Kagetsi Kofiira Pansi pa Kansalu

Lamya inalowa m'nyumba ya a Saulosi Chimwaza ku Namitete mu Disembala, chimanga chitangomera. Anabwera nayo ndi mwana wawo Thokozile, namwino wa ku Mangalande, amene anadzaona makolo pa tchuthi. Inali yakuda, yotakata ngati buku la nyimbo lotsegula, ndipo m'kati mwake munali makina oyankha ndi kusunga mawu a munthu amene waimba eni nyumba atachoka.

A Rodwell a ku kampani ya matelefoni ndiwo anakwera pholo ya kumsewu, nakoka waya pamwamba pa mtengo wa mango mpaka pazenera. Atamaliza kulumikiza, Thokozile anayamba kufotokoza.

"Ikalira kanayi inu osanyamula, makinawa ayankha okha. Munthu akasiya mawu, kagetsi aka kazithwanima. Ndiye muzidina batani ili. Mwamva, eti?"

Mayi ake, a Febe, anamva theka chabe, pakuti anansi anali atadzaza pakhonde kudzaona zachilendo ndipo tiyi ankaperewera makapu. A Saulosi anangogwedeza mutu. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, ndipo ndiwo anaphunzitsa a Rodwell mu Sitandade 5. Kufunsanso pamaso pa mwana wawo wa sukulu kunawalemera.

Itafika nthawi yojambula mawu olandirira oimba, a Saulosi anavala jekete naimirira.

"Kuno ndi kwa a Chimwaza. Panopa palibe woyankhula nanu. Nenani dzina lanu ndi chimene mukufuna, mwachidule."

Thokozile anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Abambo, mwachita ngati mukukalipira ana ochedwa pa asembule!"

"Lamya si bwalo lochezera," anatero a Saulosi akuvula jekete.

Thokozile atabwerera, a Febe anaiyang'ana lamyayo namva chisoni. Malole a ku Mchinji amautsa fumbi tsiku lonse, ndipo m'nyumba mwawo chinthu chilichonse chamtengo chinali ndi kansalu kake: wailesi, makina osokera, ngakhale jagi ya madzi. Anasoka kansalu kochindikala, koyera, ka mphonje za buluu, nakaphimba pamabatani onse, kusiya poyera chogwirira chokha kuti munthu azinyamula osavundukula. Iwo sankaimbira munthu. Ankangodikira Thokozile Lamulungu masana, ndi abusa mwa apo ndi apo.

Koma a Chimwaza anali ndi mwana wina. Levison anachoka pakhomo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ali Fomu 3. Anzake a kumudzi kwa ambuye ake anapita naye kudambwe, kumene amuna amalowera gule wamkulu, ndipo nkhani itamveka kumpingo a Saulosi anaimitsidwa ukulu chaka chathunthu. Tsiku limene kalata yowaimitsa inafika, anaima pakhomo namuuza mnyamatayo kuti nyumba ino ili ndi mwana mmodzi. Kuyambira pamenepo dzina lake silinkatchulidwa. Pa mapemphero a m'banja a Febe ankangoti, "Musunge ana athu amene ali kutali," ndipo a Saulosi ankati ameni, onse awiri akudziwa kuti mawuwo akukwana anthu awiri.

Lamulungu lina mu Malichi Thokozile anaimba monga mwa nthawi zonse, koma moni wake unali waufupi.

"Amayi, ndapirira miyezi iwiri. Kodi Levison mwamukaniranji?"

A Febe anakhala pansi. "Levison wake uti, mwanawe?"

Thokozile anaulula. Tsiku loti anyamuke anamupeza mchimwene wake pafupi ndi depoti ya mabasi ku Lilongwe, ataonda, akutsokomola. Anakana kunena kumene akukhala. Thokozile anamulembera nambala ya lamya pakapepala, ndipo iye anamulumbiritsa kuti asauze makolo, adzaimba yekha akalimba mtima.

"Sanaimbe," anatero a Febe. "Ndikanamva."

"Nanga kagetsi sikakuthwanima?"

"Kagetsi kati?"

"Mayo, amayi! Tayang'anani pamabatanipo."

A Febe anavundukula kansalu kaja. Pansi pake kagetsi kofiira kankathwanima, ndipo pambali pake panali nambala 5.

Anaitana amuna awo, amene anali asanavule taye ya kutchalitchi. Thokozile atadula, a Febe anadina batani lija. Mawu a mzungu wamkazi ananena tsiku ndi nthawi m'Chingerezi: Lamulungu m'mawa, iwo ali kutchalitchi. Kunamveka phokoso la maminibasi, munthu akupuma, kenako kudula.

Uthenga wachiwiri unali wa Lamulungu linanso.

"Odi. Ndine Levison. Mwati mwachidule, ndiye... ndimati ndipereke moni. Basi."

A Febe anagwira pakamwa. Mawuwo anali a munthu wamkulu, okhuthala, koma kamvekedwe ka "odi" kanali komwe kaja ka mwana wobwera kusukulu ndi njala.

Wachitatu unali wautaliko. Anati akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, ntchito yonyamula katundu wasiya chifukwa miyendo ikukana. "Sindikupempha kanthu ayi. Ndimangofuna nditamva mawu a amayi. Koma nthawi zonse mukuyankha ndinu, abambo, ndipo mukunena zomwezomwezo."

Mzungu uja ananenanso tsiku: Lachinayi, teni koloko m'mawa. A Saulosi anadzuka pampando napita pazenera.

"Abambo, lero ndasankha dala. Lachinayi amayi amakhala ku Chigwirizano cha amayi a mpingo, inu mumakhala patebulo kukonza ulaliki. Ndikudziwa mulipo. Ndinalakwa, abambo. Ngati mukundimva, nyamulani. Ndidikira."

Anadikiradi. Makinawo anasunga ngakhale kudikirako: kupuma kolemera, kutsokomola, wogulitsa nthochi akufuula chapatali. Kenako, motsitsa mawu: "Chabwino. Ndamva."

Wotsiriza unali wa masabata atatu apitawo. "Amayi, mwini foni pano akuti ndikuchedwetsa anthu pamzere. Sindidzakuvutitsaninso. Muzingondipempherera." Sananene kumene ali.

A Febe sanayang'ane lamya, anayang'ana msana wa amuna awo.

"Bambo a Thoko. Lachinayi limenelo munali kuti?"

A Saulosi sanatembenuke. "Ndinali kukhola la nkhuku. Polowa ndinapeza akuyankhula."

"Munamumva."

"Ndinamumva. Ndinaima pomwe mwakhalapo. Dzanja ndinatambasula, amake Thoko, Mulungu ndi mboni. Koma mumtima ndinkati, anene kaye zonse, atchule chimene anandichita. Ndikali kudikira kuti anene, anadula."

"Ine nditabwera munati bwanji?"

"Ndinati kunalibe kanthu. Ndinkayesa kuti mawuwo apita. Sindinadziwe kuti chinthuchi chimasunga chonchi."

"Munadya nane tsiku limenelo. Munadalitsa chakudya ndinu." Mawu a a Febe sanakwere, ndipo ndicho chinawapweteka kwambiri a Saulosi. "Ine ndaphimba mwana wanga ndi nsalu, ndi manja angawa, koma ine sindinadziwe. Inu munadziwa."

Madzulo amenewo anagwada monga mwa chizolowezi, koma nyimbo inawakanika. A Saulosi anali atalalikira m'midzi yambiri, kuyambira ku Msundwe mpaka ku Nsaru, za tate uja amene anaona mwana wake wolowerera akali patali namuthamangira. Ankakonda kufunsa mpingo kuti, kodi tateyo anamuona bwanji patali ngati sankayang'ana kumsewu tsiku ndi tsiku? Tsopano funsolo linawabwerera iwo eni. Anangoti, "Ambuye, musamutenge ndisanamupeze."

Lolemba a Saulosi anakwera minibasi kupita mumzinda. Anazungulira depoti, nafunsa onyamula katundu, nayenda m'mawodi a odwala chifuwa akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Ena ankamudziwa Levison wamtali wa ku Namitete, koma anati papita mwezi osamuona. Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Lachitatu m'mawa, m'malo mokwera minibasi, anapita kunyumba kwa a Rodwell, chipewa chili m'manja.

"Rodwell, tsiku lija sindinamve kanthu. Ndinachita manyazi kufunsa. Tiye ukandiphunzitse."

"Aphunzitsi, mukanangonditumira mawu," anatero a Rodwell, akukankha kale njinga.

Anawaonetsa batani lofufutira mawu akale ndi lojambulira atsopano. A Saulosi sanavale jekete. Anakhala pampando, nayandikira makinawo. Kawiri konse anayamba nalekeza panjira. Kachitatu anati:

"Levison, ndine bambo wako. Lachinayi lija ndinalipo. Ndinakumva ndipo sindinanyamule. Ndinachimwa kwa Mulungu ndi kwa iwe. Nyumba ino ili ndi ana awiri. Usadule, mwana wanga. Nena kumene uli, tibwera."

A Rodwell anakanda mutu. "Aphunzitsi, mukudziwa kuti aliyense woimba azimva zimenezi? Abusa, akulu ampingo anzanu, ngakhale wosokoneza nambala."

"Amve."

"Komanso mwanayo anati sadzaimbanso," anatero a Febe motsitsa.

"Ndikudziwa. Koma ndilibe khomo lina logogoda."

Woyamba kumva anali abusa, amene anaimba eni nyumba ali kumaliro. Sanasiye uthenga, anabwera okha nakhala ndi a Saulosi pakhonde nthawi yaitali. Pofika Loweruka Namitete yense anali atadziwa. Ena ankapita pakanyumba kolipiritsa foni pamsika kukaimba dala kuti adzimvere okha mphunzitsi wamkulu akulapa. A Saulosi ankadutsa pakati pa manong'onong'o ngati munthu wovulidwa malaya, koma mawuwo sanawafufute.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi, a Getrude, mayi wogulitsa mtedza kumsika waukulu wa mumzinda, anawakokera a Febe pambali.

"Amnzanga, ine pakamwa panga mumapadziwa, sipatseka. Nkhani yanu ndauza aliyense wonyamula matumba anga. Ngati mwanayo ali moyo, imupeza."

"Ngati ali moyo," anabwereza a Febe.

Kuyambira pamenepo lamya sinatsale yokha. Wina akapita kukakumba mtedza, wina ankatsala. Kansalu kaja a Febe anakapinda nakaika pansi m'sutikesi. Masiku khumi anapita. A Febe ankadzidzimuka ngakhale belu la njinga likalira kumsewu.

Lachinayi m'mawa a Febe anavala yunifomu yawo ya Chigwirizano, koma atafika pakhomo anabwerera nakhala pansi. Cha m'ma teni koloko lamya inalira. A Febe anailumphira isanamalize kulira koyamba.

"Halo? Levison? Halo?"

Kunamveka kupuma, kenako kudula. Patapita mphindi zochepa inaliranso. A Febe ananyamula, ndipo woimbayo anadulanso. Anayamba kulira, chogwirira chili pachifuwa.

"Akundithawa ine tsopano? Ine ndamulakwira chiyani?"

A Saulosi anawalanda chogwiriracho mofatsa nachibwezera pamalo pake. "Sakukuthawani. Wauzidwa ndi anthu, koma sakukhulupirira. Akufuna adzimvere yekha. Ikaliranso, tiisiye ilire kanayi."

"Akapanda kuimbanso?"

A Saulosi anagwira dzanja la akazi awo, ndipo anakhala choncho, maso pa lamya, milomo ikuyenda popanda mawu. Lole inadutsa, fumbi linalowa pazenera nkugwera pamabatani. Palibe amene analipukuta.

Inalira. Kamodzi. A Febe anafinya dzanja la amuna awo mpaka zikhadabo kulowa. Kawiri. Katatu. Kanayi. Kenako mawu a a Saulosi anadzaza chipinda, akunena tchimo lawo mpaka kumapeto, mwini wake atawerama. Makina analira pang'ono. Kunatsatira kutsokomola kwakutali, kouma, kosafuna kutha.

"Abambo..."

A Saulosi ananyamula. "Ndili pano. Ndili pano, Levison."

A Febe anagunditsa khutu lawo pachogwiriracho. Mawu a mwana wawo anali ochepa ngati ochokera pansi pa chitsime. Anati ali ku Mchesi, kuseri kwa opala matabwa, m'kachipinda ka mnzake. Mnzakeyo ndiye wamubereka kumufikitsa pafoni.

"Kudepoti sindingafike, abambo. Miyendo."

"Usayende. Ubwerere ukagone. Tikubwera ife, ine ndi amayi ako."

"Mukandiona musadabwe. Ndatha kwambiri."

"Ndikakuzindikira," anatero a Saulosi.

A Febe anali atayamba kale kumanga bulangete ndi botolo la tiyi m'chitenje. Anafunsa ngati akamupeza ali woti n'kukwera minibasi, ndipo amuna awo anati sakudziwa, akaona komweko, mwina ayambira kuchipatala. Anatseka chitseko natsikira kumsewu, a Febe ali m'yunifomu yawo yoyera, a Saulosi ali patsogolo, akuthamanga monga sanathamangepo zaka zambiri, dzanja lili m'mwamba kuimitsa minibasi imene inkachokera ku Mchinji.